Sataya Sanagulitsepo Malo a Munthu Pamzere

Uthenga unatipeza Lachinayi, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Alamu athu anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala za ana, foni ili pawindo. Woimbayo anali mlembi wa kudepoti, mayi amene ankakhala ofesi imodzi ndi mlongo wathu. Moni sanapereke. Anangoti, "Thamangirani kuchipatala, amuna anu amenyedwa ndi madalaivala." Alamu anasiya beseni pomwepo n'kuliyatsa liwiro, silipasi imodzi inatsala pachipata. Pomwe ankafika n'kuti mlongo wathuyo atamufunditsa kale nsalu mpaka kumutu.

Mlongo wathuyo ankadziwika ndi dzina loti Sataya. Anali wotsiriza kubadwa m'nyumba mwathu. Dzinalo anamupatsa ndi mayi, chifukwa chiyambire ali wamng'ono sankataya kanthu. Mabatire akutha, mababu opsa, wailesi ya bambo imene inafa iye asanayambe n'sukulu yomwe, zonse zinali m'makatoni pansi pa bedi. Ukati usese ankakuimira pakhomo. "Zisiyeni, tsiku lina zidzafunika." Atakwatira khalidwelo anapita nalo. Alamu ankaseka n'kumati, "Ine ndiye ndili pabwino. Bambo a m'nyumba muno sataya chinthu ngakhale chithe ntchito. Ndikadzakalamba adzangondiika m'katoni."

Ife akuluakulufe sukulu tinaisiyira panjira, koma iye mutu unali wakuthwa. Za makompyuta anaphunzira yekha pa shopu ina yokonza mafoni, kuwerenga ndi kufunsa basi. Anali wochepa thupi, wamagalasi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ndewu sankaidziwa. Ngakhale nkhuku pakhomo pake ankapha ndi alamu, iye atayang'ana kumbali.

Ntchito anaipeza pa depoti ya simenti. Amene munafikapo pamalo oterewa mukudziwa: fumbi mpaka m'mano, malole ndandanda kunja kwa mpanda, katundu wochepa koma ofuna kunyamula ambirimbiri. Malole olembetsa analipo oposa zana, koma opakira patsiku khumi ndi asanu okha. Kale mndandanda unkalembedwa ndi choko pabolodi pageti. Wina ankafufuta dzina la mnzake ndi malovu n'kulembapo lake, ndiye m'mawa uliwonse kunkakhala zibakera. Sataya ndi amene anathetsa zimenezo. Anatenga kompyuta yakale imene abwana ankafuna kutaya, anaipukuta, n'kuikamo pulogalamu yaulere ija imene anthu a m'maiko osiyanasiyana amalemba mothandizana, yoti aliyense atha kuitsegula m'mimba n'kukonzamo. Anaiika pansi pa tebulo lake n'kumaitchula kuti seva. Zithunzi inalibe, sikirini yakuda bii ndi timalemba toyera basi. Ntchito yake inali imodzi. Mlembi akalemba mndandanda 6 koloko m'mawa, sevayo inkauika pa tsamba la pa intaneti, dalaivala aliyense n'kuona nambala yake pafoni ali kunyumba kwake.

Lamulo la pamzere linali louma. Nambala yako ikaitanidwa iwe palibe pageti, ubwerere kumchira, ukadikire sabata yathunthu. Ndipo kwa dalaivala, sabata yopanda ulendo ndi sabata yoti ana akungokuyang'ana kumaso.

Kwa zaka ziwiri zinthu zinayenda myaa. Madalaivala akamuona akulowa ndi kachikwama kake ankamunyogodola mwachikondi. "Injiniya wafika, vulani zipewa." Iye ankangomwetulira n'kukankha magalasi ndi chala.

Vuto linayamba mwezi wathawu. Mafoni atsopano anayamba kuchenjeza eni ake kuti tsambalo n'losatetezeka, ndiye Sataya anaganiza zoliikira loko. Ife izi sitizidziwa, koma mlembi uja anakhala nafe pansi n'kutifotokozera mpaka tinamva. Akuti seva ili ngati nyumba ya makomo awiri. Pali khomo lakale lopanda loko, ndi khomo latsopano, limene munthu akaloweramo pafoni pake pamaoneka kaloko pakona. Malangizo a momwe makomowo aziyendera amalembedwa m'failo. Sataya analemba failo yatsopano, anasamutsira tsambalo m'foda yatsopano, n'kulamula kuti aliyense wogogoda pakhomo lakale aziperekezedwa kukhomo latsopano. Anayesa pa kompyuta yake, zinatheka. Anayesa pafoni ya mlembi, zinatheka. Anaweruka akuimba mluzu.

Patangopita masiku asanu, chitseko cha ofesi chinatsegulidwa ndi nsapato. Analowa dalaivala wina, chimunthu chamsinkhu, chimene anzake amachitchula kuti Dizilo.

"Iwe Injiniya, ichi n'chiyani?" Anamusonyeza foni mpaka kumugunda nayo mphuno. "Nambala 3. Ukuwerenga eti? Ndafika ndi lole, mlonda akuti ndinaitanidwa dzulo. Dzulo foni yomweyi imati 18."

Mlembi anasuzumira pa kompyuta yake. "Achimwene, kuno muli nambala 92."

"Ndimafunsa iwe?"

Dizilo anamugwira Sataya pakolala, anamunyamula pampando ngati thumba lopanda kanthu, n'kumukhomera kukhoma. Mutu unagunda khu, kalendala inagwa. Mabatani awiri a malaya anathothoka n'kugubuduzikira pansi pa tebulo.

"Mwamugulitsa ndani malo anga?"

"Achimwene, tandipatsani foniyo ndione. Chonde."

Sataya anachotsa zonse zimene foniyo inasunga. Kenako analemba adiresi ya tsambalo yekha, yonse yathunthu, chilembo chimodzichimodzi, monga ankachitira nthawi zonse. Tsamba linabwera ndi kaloko kake, nambala 92.

"Mwaona? Foni yanu imasunga tsamba ladzulo. Ndachotsa. Sizichitikanso."

"Nanga ulendo wanga?"

Anapita onse kwa manijala. Manijala sanadzutse n'mutu womwe. "Lamulo ndi lamulo. Ndikabwezera mmodzi, mawa aliyense wogona mochedwa adzati ndi foni."

Dizilo potuluka anamuloza Sataya m'diso. "Zikachitikanso ndidzakudyetsa kompyuta yakoyo, ndi mawaya omwe."

Mawa lake kunabwera madalaivala ena awiri, nkhani yomweyo. Mkuja wake anayi. Aliyense Sataya ankamulandira foni, kuyeretsa, kulemba adiresi, tsamba n'kubwera lolondola. Munthu ankapita kwawo, m'mawa nambala yabodza yabwereranso. Ndipo si onse ayi. Ena mafoni awo sankanama ngakhale tsiku limodzi.

Apa m'pomwe mlongo wathu anasiya kudya masana. Anzake akapita kokadya iye ankatsala maso ali tong'o pa sikirini yakuda ija. Anaizimitsa seva n'kuiyatsanso. Anayang'ana wotchi ya m'kati mwake ngati yatsalira, anaipeza ili bwino. Anatsegula buku limene seva imalembamo aliyense amene wagogoda, anawerenga mizere mazanamazana, bukulo linkati aliyense wapatsidwa tsamba lalero. Anaimbira a kampani ya netiweki, iwo anati kwawo kulibe vuto. Anatenga failo yake yatsopano n'kuitumiza kwa anthu a pa intaneti amene amathandizana za pulogalamuyi. Wina anamuyankha kuti failo ili bwino. Wina anati ayeretse mafoni. Wina anangomutukwana kuti akawerenge kaye mabuku. Failo yomweyo anailembanso katatu. Mlembi akuti nthawi zina ankamumva akulankhula nayo seva ngati munthu. "Tandiuza, ndakulakwira chiyani iwe? Ndinakutola kudzala ndine."

Anabwereranso kwa manijala. "Bwana, mpaka ndipeze vutoli, tiyeni tiziwaimbira amene akupakira tsiku limenelo. Ndi anthu khumi ndi asanu okha."

"Ndiye ndinakulemberanji ntchito? Seva ndi yako, ikonze. Mlembi ali ndi zochita."

Kunja kwa geti nkhani inali itapsa kale. Madalaivala anasiya kukhulupirira mafoni, anayamba kubwera tsiku lililonse n'kumayerekeza. Lolemba la sabata yachiwiri awiri anaika mafoni awo pamodzi pa boneti. Ina inkati mwini wake ndi nambala 7. Inayo inkati nambala 7 ndi wina. Tsamba limodzi, ola limodzi, mindandanda iwiri.

"Walipira zingati iwe?"

"Walipira ndi bambo ako."

Sipanapite n'mphindi. Wina anatulutsa tcheni chomangira katundu, wina chitsulo cha jeke. Tcheni chinamuzinga mnzake kumaso n'kung'amba tsaya kuyambira pakhutu mpaka pakamwa. Wong'ambidwayo sanagwe, anamutema mnzake padzanja ndi chitsulo, fupa linamveka thyo mpaka mu ofesi. Magazi anagwera pa fumbi la simenti n'kuundana timibulu takuda. Sataya ankaonera pawindo, dzanja lili pakamwa. Anthu atawaleretsa, onse anatembenuka n'kuyang'ana windo lomwelo.

Kuyambira tsiku limenelo dzina loti Injiniya linatha. Ankangoti mbava ija. Ankati pali mndandanda wa olipira ndi mndandanda wa amphawi. Wina anati wamuona akugula firiji. Firiji yake, ife tikuidziwa, ndi ija anasiya malemu azakhali, chitseko chake amamanga ndi mphira.

Lachisanu mwala unalowera pawindo. Galasi linamwazika pa kiyibodi, chidutswa china chinamucheka mlembi pamphumi, magazi mpaka pa bulauzi. Manijala anaitana munthu wodzakhoma pulanga pawindopo. Apolisi sanawaitane, akuti zingaipitse mbiri ya depoti.

Ndiye sabata yachitatu Dizilo anaphonyanso. Masiku amenewo anali akukonzetsa lole ku galaja, n'kumadalira foni imene Sataya anamulonjeza kuti sidzanamanso. Lachiwiri anafika ndi nambala 5 m'manja, anapeza anaitanidwa Lolemba. Mwini lole atamva kuti galimoto yake ikhalanso sabata osayenda, anabwera pageti pomwepo n'kumulanda Dizilo makiyi anzake akuona.

Tsiku lomwelo poweruka, dzuwa lisanalowe, Dizilo ndi anzake anamudikirira Sataya pa siteji ya basi. Anali atatu. Sataya anangomva dzanja pakhosi, n'kukokeredwa kuseri kwa kontena. Dizilo ndiye anayamba. Chibakera choyamba chinali cha m'mimba, mpweya wonse unatuluka. Atagwada anamuponda ndi jombo m'nthiti, kawiri, katatu. Magalasi anagwa, wina anawaponda dala n'kuwapotokola ndi chidendene. Anthu pa siteji analipo ambiri, ena ankajambula ndi mafoni.

"Lachinayi," anatero Dizilo atamugwira tsitsi. "Lachinayi tikufuna mayina a onse amene anakulipira. Apo ayi ukauze mkazi wako akonzeke."

Anafika kunyumba atapindika ngati nkhalamba, mlomo utatupa. Alamu anamusambitsa ndi madzi ofunda, akulira uku akukalipa.

"Mawa simupita. Ntchitoyo ithe, sindidya seva ine."

"Ndikapanda kupita adzati wathawa chifukwa anabadi."

"Anene. Pakamwa ndi pawo."

"Ana athu amaphunzira ndi ana awo, mayi. Ukufuna azimva kuti bambo ako amagulitsa malo a anthu? Vutoli lili m'kabokosi kaja basi. Si mfiti. Ndi chinthu cholembedwa penapake, ndingochipeza."

Anatsegula katoni ina pansi pa bedi n'kutulutsa magalasi akale, a mwendo umodzi, anamangirira waya. Alamu anaseka misozi ili m'maso. "Onani, lero zafunikadi."

Lachitatu anapita. Sankatha kukhala mowongoka, ankalemba atatsamira mbali imodzi. Tsiku limenelo anachita chinthu chimodzi chaching'ono chimene sanachiganizire masabata onsewo. Analemba deti pamwamba pa tsamba, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti aliyense aziona mndandanda umene wagwira ndi wa tsiku liti.

Lachinayi anafika 7 koloko. Kunja kwa geti kunali kale anthu, koma chete, ngati akudikira kanthu. Cha m'ma 9 manijala analowa m'galimoto yake n'kutulukira geti lakumbuyo, akuti ali ndi msonkhano. Posakhalitsa kunagogoda mdala wina woyendetsa lole yobiriwira, munthu wofatsa amene sankalowa nawo za phokosozo.

"Mwana wanga, ine sindinabwerere ndewu. Ndingofunsa. Lero ndi Lachinayi, nanga foni yangayi bwanji yalemba Lachitatu?"

Sataya anatambasula dzanja kuti alandire foni monga mwa masiku onse. Kenako analibweza.

"Bambo, tatsegulani nokha ndione. Mumalowa bwanji?"

"Ine kulemba sindilemba, zala zangazi ndi za chiwongolero. Ndimangodina apa. Mwana wanga wamkazi anandiikira chaka chatha."

Pa sikirini ya foni panali kachithunzi ka lole. Mdala anakadina ndi chala chake chachikulu. Tsamba linabwera, deti ladzulo, pakona popanda kaloko.

Mlembi akuti Sataya anangoti chapansipansi, "Akulowera khomo lakale." Masabata atatu onsewo, iye akalandira foni ankalemba yekha adiresi ya khomo latsopano, ndiye ankaona zolondola. Mwini foni akafika kwawo ankadina kachithunzi kake kakale, n'kulowera kumene Sataya sanayang'aneko.

"Koma si munati khomo lakale limaperekeza anthu kwatsopano?" anafunsa mlembi.

"Ndinalamula choncho. Ndiye pali wina akundiphwanyira lamulo."

Anauza seva kuti iwerenge malangizo ake onse mokweza. Mzere wotsiriza unati zonse zili bwino, ndipo ndi mzere umenewo wokha umene ankayang'ana masiku onse. Ulendo uno anakweza maso. Pamwamba pake panali kamzere kena kochenjeza: mafailo awiri akulimbirana khomo limodzi, ina yasiyidwa. Anatsegula foda ya malangizo. Munali mafailo awiri. Yatsopano, ndi ina yolembedwa kuti yakale.

Anadzigwira mutu ndi manja onse. Tsiku lija ankaika loko, failo yakale sanaifufute. Anangoisintha dzina n'kuisiya pomwepo, kuti mwina tsiku lina idzafunika. Koma seva imawerenga chilichonse chimene yapeza m'foda imeneyo, siisankha ayi. Ndiye failo yakale inali ikulamulirabe khomo lakale, n'kumatumiza anthu ku foda yakale. Ndipo m'foda yakaleyo, iye yemweyo anakonza zoti madzulo aliwonse muzisungidwa mndandanda wa tsikulo, kuti usatayike. N'chifukwa chake madalaivala ankapeza wadzulo. Ngakhale buku la ogogoda, khomo lakale linali ndi lakelake, limene iye sanalitsegule.

"Ndine," anatero. "Asisi, ndine ndemwe. Tsaya la munthu uja, dzanja la mnzake, makiyi a Dizilo. Kafailo aka."

"Kafufuteni msanga."

"Ayi, ndingokasuntha."

Ngakhale pamenepo sanakataye. Anakasamutsira m'foda ina kutali, n'kuuza seva iwerengenso malangizo. Kamzere kochenjeza kanachoka. "Bambo, tadinaninso." Mdala anadina. Kaloko kanaoneka pakona, deti Lachinayi. Ntchito yonseyo siinakwane mphindi zisanu.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka geti likugwedezedwa, zitsulo zikumenya malata. Mlonda anali mmodzi, ndi kandodo. Anatsegula n'kupatuka.

Mlembi anakhoma chitseko n'kuimbira apolisi. "Khalani muno mpaka afike."

"Ayi, tsopano ndili ndi chowauza. Masiku onsewa ndinalibe."

"Anthu awo sanabwere kudzamva, achimwene."

Mdala nayenso anamugwira mkono. "Mvera mlongo wakoyu." Koma Sataya nkhope inali itawala, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anabwereka foni ya mdalayo, anatsegula chitseko, n'kuima pakhonde atagwira nthiti ndi dzanja lina.

Analipo ngati makumi atatu. Dizilo patsogolo, sipanala yomasulira matayala ili m'manja.

"Mayina," anatero Dizilo.

"Mayina palibe, achimwene. Palibe amene analipira. Vuto ndalipeza, ndipo ndakonza. Tulutsani mafoni anu nonse mudine, muona mndandanda umodzi."

Ena anatulutsadi. Anasuzumirana, anayerekeza. Kunamveka kung'ung'udza. "Zafanana." "Yanganso yafanana."

Sataya anafotokoza zonse, makomo awiri, failo yakale, foda yosungira zadzulo. Sanabise kanthu. Anati cholakwa chinali chake, osati cha mafoni monga ankanenera, ndipo akapempha manijala kuti onse amene anaphonya abwezeredwe malo, olo zitanthauze kuti iye achotsedwe ntchito. Anamumvetsera mpaka anamaliza.

Ndiye wina kumbuyo anafunsa, "Wakonza nthawi yanji?"

"Pompano."

"Zakutengera nthawi yaitali bwanji?"

Mlongo wathu bodza sankalidziwa. "Mphindi zisanu."

"Mwamva? Masabata atatu zimakanika. Lero tabwera ndi zitsulo, mphindi zisanu zatheka."

"Waona moto, watseka shopu."

"Sizili choncho, achimwene. Kupeza ndiye kunali kovuta, kukonza..."

Dizilo anakwera sitepe imodzi. Sanakuwe ayi. "Failo yakoyo indibwezera makiyi?"

"Ndikalankhula ndi mwini lole, ndikamuuza kuti..."

Sipanala inatera paphewa, foni ya mdala inaulukira kutali. Anagwada. Yachiwiri inatera pamwamba pa khutu. Mlembi akuti phokoso lake sadzaliiwala. Anagubuduka pamasitepe n'kugwera pakati pawo, ndipo gulu linamutsekera. Jombo, matcheni, wina anabwera ndi njerwa yotsekera tayala. Mdala analowa pakati akuti, "Mupha munthu, mupha munthu," anamukankha n'kugwa chagada, dzino linachoka. Mlembi anatuluka ndi mpando kuti amuphimbe nawo, wina anamumenya mbama mpaka anaona mdima. Sataya sanabwezere olo kamodzi. Anangopinda miyendo, manja kumutu, mpaka manjawo anagwa okha.

Atangoona kuti sakugwedezeka, anabalalika. Malole analira onse nthawi imodzi. Pabwalo panatsala iye, fumbi litamuyeretsa thupi lonse kupatula pamene panali magazi. Mdala ndi mlonda anamukweza m'lole yobiriwira ija. Akuti panjira anali akupumabe pang'ono. Pachipata cha chipatala anali atasiya. Apolisi anafika kudepoti patapita ola.

Sataya anali ndi zaka 34. Wasiya mkazi ndi ana awiri, wamkulu ali sitandade 4, wamng'ono sanayambe sukulu. Dizilo ali m'manja mwa apolisi pamodzi ndi anzake awiri, ena anathawa. Manijala anatumiza kalata yachipepeso, iye sanabwere.

Chimene chikutiwawa kwambiri ndi ichi. Chichokereni Lachinayi lija mndandanda sunanamenso. Foni yakale, foni yatsopano, zonse zikuonetsa chimodzi, chifukwa iye anakonzadi. Koma pageti paja sakunena choncho. Akuti onani, titangoimenya mbava ija zinthu zalongosoka. Mawu amenewa afika kale kusukulu. Mwana wamkulu anabwera Lolemba malaya atang'ambika, wamenyana ndi mnzake, ndipo anafunsa amayi ake ngati n'zoona kuti adadi ankaba. Alamu anangomukumbatira.

N'chifukwa chake talemba zonsezi, ngakhale kulemba si ntchito yathu. Sataya analakwitsa, ndipo anavomera yekha pamaso pa anthu. Anasiya failo pamalo posayenera, anthu anavulala, wina ntchito inamuthera. Zimenezo sitikubisa. Koma sanalandirepo kanthu kwa munthu, sanagulitsepo malo a wina aliyense pamzere. Mlembi alipo, mdala wa lole yobiriwira alipo, onse anena kuti akaima m'khoti. Mukamva wina akunena zina, muuzeni zimene mwawerengazi.

Mayi athu chimvereni uthenga sakulankhula, akungokhala pakhomo kuyang'ana msewu. Alamu akuyesetsa kulimba chifukwa cha ana, koma masiku a mlandu ali kutsogoloku, ndipo akakhala m'chipinda chimodzi ndi amene anawaphera mwamuna. Inu amene mumagwada, potchula mabanja anu muzitchulako ndi lathuli. Pemphererani mayi, pemphererani alamu, makamaka ana awiriwa, kuti akule osachita manyazi ndi bambo awo.